Chikhadi cha Mafani Atatu

Kompyuta yanga yoyamba ndinaigula kwa kalaliki wa pa pulazi ina kufupi ndi Karoi, iye atatopa nayo. Inali ya mu ofesi, yakuda, yokandikakandika m'mbali, ndipo chibadwire chake ntchito imene inkaidziwa inali kulemba mayina a antchito basi. Ine ndinaipatsa ntchito ina, yokonza mavidiyo a maukwati, a makwaya ndi a miyambo yovundukula ziliza. Ikangoona vidiyo inkayamba kubuula ngati ngolo yodzaza nkhuni. Ndikadula kachidutswa kamodzi ndinkatha kupita kukatunga madzi, kucheza pachitsime, kubwerera, n'kuipeza ikuganizabe.

Tinkakhala m'komboni yakale ya antchito a pa pulazi. Makolo athu anachokera ku Malawi, ife tinabadwira konkuno. Minda itagawidwa, ambiri tinatsala m'nyumba zomwezo n'kumagwira maricho, kapena kuti ganyu, kwa eni mapuloti atsopano, lero kupalira, mawa kuthyola fodya. Mmodzi wa eniwo anatibwereka kachigawo ka munda ndi balani imodzi, ndipo banja lathu linkalimapo fodya wakewake. Fodyayo akagulitsidwa, aliyense amene anapindira msana ankalandira gawo lake.

Kompyutayo sindinkaigwiritsa ntchito ndekha. Panalinso msuweni wanga, mwana wa amalume, dalaivala wa thalakitala, munthu wa ndevu zake koma wokonda gemu ya mpira kuposa chakudya. Monga mwa chisuweni, iye ankanditcha "akazanga," ine n'kumamutcha "bambo a kunyumba," ndipo tinkanyozana kuyambira m'mawa popanda wokwiya. Akaweruka ankabwera ali mafuta okhaokha, n'kundikankha pampando. Osewera a m'gemu yakeyo ankathamanga ngati ali m'matope a m'dambo, mpira unkalowa m'golo iye asanauone, koma ankakuwabe mpaka nkhuku kubalalika.

Chaka chimene ndikunenachi mng'ono wanga anakwatiwa, ndipo ukwati wake ndinaujambula ndekha ndi kamera yatsopano imene ndinabwereka kutchalitchi. Msuweni wangayo ndiye ankayendetsa mwambo, akuitana anthu ku perekaniperekani ndi pakamwa pake posatopa paja. Amalume, amene anali nkhoswe, anavala jekete lawo la bulawuni, ndipo nyimbo itawafika pamtima anaponya ndodo pansi n'kuvina mpaka ana kugubuduka ndi kuseka.

Vidiyo imeneyi sinali ya mng'ono wanga yekha. Amayi ndi amalume ali ndi achemwali awo aakulu ku Dedza. Makolo awo pobwera kuno kudzafuna ntchito anatenga ana awiri aang'ono, wamkuluyo n'kumusiya chifukwa anali atakwatiwa kale. Amalume anali mnyamata wongoyamba kumera ndevu, amayi ali kumsana. Chichokere sanaonanenso. Makalata analeka kalekale, ndipo ndi posachedwa pomwepa pamene munthu wina wakutchalitchi anatipezera nambala ya mdzukulu wawo, wa kafoni ka mabatani. Mawu ankamvana mwa apo ndi apo, koma nkhope ayi. Amalume sakanatha kupita okha, nkhani ya mapepala awo ndi yaitali ndipo imangowakwiyitsa. Tsiku lina mdzukuluyo anatiuza kuti maso a agogo ake ayamba kuchita ng'ala. "Panopa akuonabe," anatero, "koma za chaka chamawa sindinganene."

Mwayi unalipo umodzi. Mdala wina wa m'komboni mwathu, mnzawo wa amalume, anali kubwerera kumudzi osadzabweranso, malonda a fodya akangotha, ndipo mudzi wake ndi woyandikana ndi wa amayi aakuluwo. Anavomera kutinyamulira fulashi, kakang'ono kosungiramo vidiyo, kuti akaionetse pa TV ya aphunzitsi ena kumeneko. Iye akapita, m'komboni simukanatsalanso munthu wodziwa njira ya kumudziko.

Tsono kompyuta ija inakana. Zithunzi za kamera yatsopano zinali zolemera kwambiri, ndipo ndikangoziika, inkauma gwa, ngakhale kamuvi osasuntha. Ndinaitukwana, ndinaipepesa, ndinaipukuta fumbi ndi nthenga ya nkhuku, koma ayi ndithu.

Chimene inkadwala ndinkachidziwa, chifukwa ndinali nditafunsa anzanga a ntchito yomweyi pa gulu lathu la pafoni. Inkasowa ramu, kaja kamene kamagwirizira zinthu zimene kompyuta ikugwira pa nthawiyo. Disiki yake inali yakale, ya mbale yozungulira, yofunika kulowedwa m'malo ndi ija yatsopano amati SSD. Pawa sapulayi, kabokosi kogawa magetsi m'katimo, nayo inali yofooka. Pulosesa, ubongo wa kompyutayo, anandiuza kuti ndisaigwire, chifukwa ukasintha imeneyo usinthanso mazabodi, pamene zipangizo zonse zimalumikizidwa, ndiye kuti wagula kompyuta ina. Pakatsala kanthu, anati, ndiwonjezere kakhadi ka zithunzi kakang'ono, kaja amati galafikisi khadi, kogwiritsidwapo kale ntchito.

Gawo langa la fodya silikanakwana zonsezi. La msuweni wanga nalonso palokha silikanagula chimene iye ankalota. Tinagwirizana zophatikiza, ndipo mkangano unayambira pomwepo.

"Akazanga," anatero, "kompyuta ndi galafikisi khadi. Zina zonsezo ndi zokometsera."

"Bambo a kunyumba, khadi yanuyo ikonza bwanji vidiyo pamene disiki ikukwawa?"

"Imakoka zonse. Thalakitala ikakhala ndi injini yaikulu, ngakhale pulawo ikhale yadzimbiri imalima."

"Ndiye mukalimire kompyuta yanu, osati yanga."

Tikanakangana mpaka mvula kugwa, koma kwathu kuli lamulo. Ndalama ya fodya wa banja siigula chinthu chachikulu amalume kulibe. Malata, njinga, mbuzi, makina osokera, zonse zimadutsa m'manja mwawo, ndipo amapita okha kukaona katunduyo ndi maso. Ndinayesa kufotokoza kuti izi ndi zina, amayi anangondiyang'ana. Choncho m'mawa wina tinakwera kombi ya ku Chinhoyi tili atatu, amalume ali kutsogolo pafupi ndi dalaivala, chipewa pamaondo.

Shopuyo inali kuseri kwa sitolo yogulitsa feteleza, kachipinda kopapatiza kodzaza mawaya ndi makompyuta otsegula mimba. Mwini wake anali mnyamata wa tcheni m'khosi, wolankhula Chishona chothamanga. Ndinamuuza zimene ndinkafuna, iye n'kuziyala pa kauntala.

Apa ndiyenera kunena za ntchito ya amalume. Moyo wawo wonse akhala akusankha fodya m'shedi. Tsamba amaligwira, kulitambasula, kuliunika padzuwa, kulinunkhiza, n'kudziwa mulu wake. Kwa iwo chinthu chabwino chimakhala chachitali, cholemera ndi chamnofu, ndipo chopepuka ndi zinyalala za pansi. Ndi manja omwewo anatola ramu ija. Anaitembenuza, naiunika pa windo.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi ramu, amalume. Imeneyi ndiye ikufunika kwambiri."

"Thukuta la balani yonse lithere pa kachipeso kopanda mano aka?"

Anaibweza pa kauntala n'kutola SSD. Anaiyeza padzanja, naigwedeza pafupi ndi khutu.

"Mulibe kanthu umu, mwanawe. Akugulitsa chikopa chokha."

Msuweni wanga sanachedwe. Analoza pashelefu ya pamwamba, ndipo mnyamata wa shopu, amene anali atanunkhiza kale kumene mphepo ikulowera, anatsitsa chibokosi. Munatuluka chikhadi chachitali ngati mkono wanga, cha mafani atatu, chazitsulo zonyezimira, chogwiritsidwapo kale ntchito koma chopukutidwa bwino. Amalume anachilandira ndi manja awiri. Ndinaona nkhope yawo ikumasuka. Anachiyeza kulemera, anazunguza fani imodzi ndi chala, ndipo, sindikunama, anachinunkhiza.

"Eyaa. Ili ndiye tsamba."

"Sekuru vanoziva zvinhu!" anatero wa shopu, kuwatama kuti akuluwa zinthu amazidziwa.

Ndinafuna kukana pomwepo. Koma mwana wamkazi woleredwa bwino satsutsa amalume ake pamaso pa mlendo, choncho ndinatsitsa mawu.

"Amalume, kompyuta yathu ija ndi yokalamba. Katundu ameneyu sangathe kumusenza."

"Ng'ombe yowonda ndi imene imafuna msipu wambiri," anatero, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Pa zamtengo pokha ndiwayamikire. Anamupanikiza mnyamatayo mpaka thukuta kutuluka, ananyamuka ngati akuchoka, anabwerera, ndipo pomaliza anatiwonjezera kawaya kolumikizira khadiyo ku pawa sapulayi yathu yakale. Komabe ndalama yonse inapita. Pobwerera msuweni wanga anafungatira bokosilo ngati khanda lochokera kuchipatala, akuuza aliyense m'kombi kuti asaligunde. Ine ndinangoyang'ana kunja, minda ya chimanga chouma ikudutsa, mtima uli fuu.

Titafika kunyumba, chikhadicho chinakana kulowa. Chinali chachitali kuposa mimba ya kompyuta, ndipo chinkagunda kachipinda kachitsulo mokhala disiki. Ine ndinati tibweze. Amalume anati chinthu chikakula, umakulitsa nyumba. Anaitana bambo wina amene amakonza mapaipi a m'mabalani, ndipo anabwera ndi chisizasi chake chodulira malata. Ndinatuluka panja, sindikanatha kuonerera. Ndinkangomva kuti khwee, khwee, ngati akupha nkhumba. Nditabwerera ndinapeza kutsogolo kwa kompyuta kuli chibowo, mphuno ya khadi itasuzumira kunja, ndipo disiki yanga, yokhala ndi ukwati wonse wa mng'ono wanga, ikulendewera pa lamba wa mphira.

Koma itayaka, abale, ndisaname, zinali zokongola. Mafani atatu aja anazungulira, timagetsi tobiriwira tinayaka m'mbali, ndipo ana a m'komboni anadzaza pakhomo ndi pawindo. Msuweni wanga anatsegula gemu yake. Udzu wa m'bwalo unkaoneka umodziumodzi, malaya a osewera akuuluka ndi mphepo, mpira ukuyenda myaa. Anagoletsa chigoli n'kuthamanga kuzungulira nyumba. Amalume anakhala pampando wawo manja ali pandodo, akugwedeza mutu ngati munthu amene belo lake lagulidwa pa mtengo wapamwamba. Ngakhale ine ndinaseka nawo.

M'mawa mwake inali nthawi yanga. Ndinatsegula vidiyo ya ukwati, ndipo matenda anali omwe aja. Kamuvi kanauma, disiki inabuula pa lamba wake. Khadiyo inali ndi mphamvu, inde, koma zithunzi zinkaifika mochedwa, modontha, chifukwa ramu ndi disiki zinali zakale zomwe zija. Ndinalimba mtima, ndinadula ndi kulumikiza pang'onopang'ono kwa masiku angapo, mpaka ndinafika pa ntchito yomaliza, pamene kompyuta imasoka zidutswa zonse kuti zikhale vidiyo imodzi. Apo mafani anabangula. Inveta, kabokosi kosintha magetsi a sola yathu, inalira kuti tswii, tswii, kenako zonse zinazima.

Kunyumba kwathu magetsi ndi a sola, mapanelo awiri ndi batire imodzi, ndipo theka la komboni limatchajitsa mafoni pamenepo. Madzulo amenewo azimayi anabwera kudzatenga mafoni awo n'kuwapeza ali chigonere. Wina anandifunsa ngati ndayamba kuotcherera zitsulo m'nyumba. Ndinayesanso tsiku lotsatira dzuwa lili paliwombo, mafoni onse nditawazula. Ulendo uno inveta inapirira, koma kuseri kwa kompyuta kunatuluka fungo la pulasitiki yopsa. Ndinazimitsa msanga. Pawa sapulayi ikapsa imatha kupita ndi anzake, ndipo ukwati wonse unali pa disiki imodzi yomweyo.

Ndinakwiya zenizeni tsiku limenelo, komanso ndinachita mantha. Mdala uja anali atagulitsa kale mbuzi zake, mkazi wake akugawa miphika kwa anansi, malonda a fodya akupita kumapeto. Ndinapita kwa amayi, amene ankasenda mtedza kuseri kwa nyumba, n'kuwakhuthulira zonse. Ndinati ndikupita kukawauza amalume kuti agula chikomekome cha mkuyu.

"Ukawauze, uone ngati chichoke m'nyumba muno," anatero amayi osakweza n'komwe mutu. "Achimwene sauzidwa kuti alakwa. Uwaonetse."

Ndinatero. Choyamba ndinapempha laputopu ya mlembi wa kutchalitchi n'kukoperako zithunzi zonse, kuti zikavuta zisatayike. Laputopuyo inali yofooka kuposa kompyuta yanga, yosungira chabe. Kenako ndinapita kwa amalume, ndinagwada, n'kunena kuti abwere adzaone mmene anavinira, achemwali awo asanaone. Anasangalala. Anavala mpaka jekete lija, ngati akupita kukajambulidwanso.

Ndinawakhazika patsogolo pa sikirini n'kutsegula pamalo pamene anaponya ndodo. Chithunzi chinayenda modumphadumpha, nyimbo ikudukaduka. Amalume a m'vidiyomo anakweza mwendo wamanja, ndipo anaima pomwepo, mwendo uli m'mwamba, pakamwa pali yasa. Tinadikira. Ndinadina kuti iyambe kusoka vidiyo. Mafani anabangula, inveta inalira, sikirini inada bii.

Amalume anasuzumira galasi lakudalo.

"Yatani?"

"Yakomoka, amalume. Imatero nthawi zonse ikafika apa. Khadi ija imadya magetsi oposa amene kabokosi kathu kangapereke, ndipo zithunzi zilibe podutsa."

"Ndiye kuti achemwali akaona mwendo umodzi basi?"

"Ngakhale mwendowo sakauona. Vidiyo siinatuluke."

Anavula chipewa, nakanda m'mutu, nachivalanso. Msuweni wanga, amene anali ataima pakhomo, anayamba kufotokoza kuti vuto ndi batire, kuti chaka chamawa tikagula ina zonse zidzayenda. Bambo ake anamuyang'ana kamodzi kokha, iye n'kumeza mawu otsalawo.

"Belo likabwezedwa ku okushoni sitilira maliro," anatero amalume. "Timalimasula n'kusankhanso. Zulani chinthucho, mawa tikubwerera ku Chinhoyi."

Msuweni wanga anachizula yekha, pang'onopang'ono, akuchipukuta ndi malaya ake. Ndinamumvera chisoni, ngakhale sindinamuuze. Pochiika m'bokosi anapumira m'mwamba.

"Akazanga, nsanje yanu yapambana. Mwandithamangitsira mkazi wachiwiri."

"Anali wodya kwambiri, bambo a kunyumba. Akanatimaliza tonse."

Mnyamata wa shopu atationa tikulowa ndi bokosi, nkhope yake inasintha. Anati chogulidwa n'chogulidwa, iye sabweza ndalama, ndipo khadiyo ilibe vuto lililonse. Pamenepo sankanama. Ine ndinali nditayamba kale kutentha, koma amalume anandigwira mkono. Anakoka kabokosi kopanda kanthu, anakhala pafupi ndi khomo, chikhadi chili pamaondo, n'kutulutsa mbatata yootcha ndi botolo la mahewu m'thumba. Munthu amene wakhala akudikira pa mizere ya okushoni moyo wake wonse sungamutopetse ndi kudikira.

Aliyense wolowa ankamupatsa moni, kumufunsa kwawo, n'kumuonetsa khadiyo. Sankainyoza ayi. Ankaitama kuti ndi yamphamvu kwambiri moti nyumba ya mmphawi siingaisunge, inazimitsa mafoni a komboni yonse. Anthu ankaseka, ena n'kukhala kuti amve nkhani yonse, mpaka kashopuko kanadzaza anthu osagula kanthu. Kenako kunalowa anyamata awiri a ku yunivesite. Mmodzi ataona mafani atatu aja maso anatuluka, n'kufunsa amalume kuti akugulitsa bwanji.

"Aiwa, aiwa, sekuru, ngatitaurei," anatero wa shopu akutuluka msanga kuseri kwa kauntala, kupempha kuti tikambirane. Sakanalola malonda kuchitikira pakhomo pake iye osadyapo.

Anavomera kusinthanitsa, atadulako pang'ono, ndipo tinalola. Amalume anatembenukira kwa ine anthu onse akumva.

"Sankha iwe, mwanawe. Fodya uyu sindimudziwa. Ine ndigwira za mtengo."

Ndinali nditanyamula ramu yakale m'kathumba, chifukwa anzanga anandichenjeza kuti mitundu yake imasiyana pa kampata kamene kali m'munsi, ndipo yolakwika siilowa. Ndinaziyerekeza, ndinasankha ziwiri zofanana. Ndinatenga SSD yapakatikati, yokwanira ntchito imene ndikugwira pa nthawiyo, disiki yakale n'kukhala nkhokwe. Pa pawa sapulayi ndinakana yotchipa yopanda dzina, ndinatenga yolemera bwino, ndipo apa amalume ataiyeza padzanja anavomereza ndi mutu, tinagwirizana koyamba. Zotsalazo zinakwana kakhadi ka fani imodzi, kosafuna waya wakewake wa magetsi. Msuweni wanga anakayang'ana ngati munthu amene wapatsidwa phazi la nkhuku paukwati. Ndinaumirira kuti mnyamatayo ayese chilichonse pa kompyuta yake tikuona, ndipo anayesa akung'ung'udza.

Kunyumba ndinamanga zonse ndekha, chitseko chili chotseka, wa mapaipi uja ali kutali. Nditayatsa, kompyuta inadzuka ndisanakhale n'komwe pampando. Ndinatsegula ukwati uja, ndipo amalume a m'vidiyo anatsitsa mwendo wawo, nakweza winawo, navina mpaka nyimbo kutha. Ndinakuwa ndekha m'nyumba. Vidiyo yonse inasokedwa masana amodzi, inveta ili phee, mafoni a anthu akutchaja pambali. Chibowo cha kutsogolo chija ndinachitseka ndi waya wa sefa yakale, kuopa mavu ndi abuluzi, ndipo chilipo mpaka lero.

Gemu ya msuweni wanga nayo inayenda, atatsitsa zokongoletsa zina. Anati udzu sukuonekanso bwino. Ndinamufunsa ngati amasewera mpira kapena amadyetsa ng'ombe.

M'vidiyomo ndinaikamo zambiri kuposa ukwati. Ndinajambula amayi akupereka moni, nyumba yathu, balani, manda a agogo kuseri kwa mitengo ya bulugamu, ndi ana onse mmodzimmodzi akutchula mayina awo. Amayi anakulunga fulashi m'kansalu n'kuisokerera m'thumba la m'kati la jekete la mdala uja, kuti ingatayike pokhapokha iye mwini atatayika. Tinamuperekeza mpaka pamsewu waukulu, ndipo amalume anaima pamenepo mpaka basi itazimiririka.

Kenako kunali zii. Masabata anadutsa. Amalume sankafunsa kanthu, koma madzulo aliwonse ankadutsa kunyumba kwathu, kunamizira kudzaona ngati foni yawo yadzaza, pamene anali ataitchaja m'mawa womwewo.

Foni inalira Lamlungu lina titangobwera kutchalitchi. Anali mdzukulu uja. Ndinakweza mawu a foniyo kuti tonse timve, ndipo tinaunjikana pakhonde, amayi, amalume, msuweni wanga ndi ine. Mnyamatayo anati mdala anafika bwino, ndipo vidiyo anaionera dzulo lake kunyumba kwa aphunzitsi, mudzi wonse utasonkhana. Agogo anawaika pampando patsogolo penipeni, mphuno pafupi ndi galasi.

"Ndiye atangoona amene ankaitana anthu ku perekaniperekani uja," anatero akuseka, "anaimirira n'kuloza, amvekere, 'Uyo! Mlongo wanga uyo! Sanasinthe ngakhale pang'ono!'"

Tonse tinatembenukira kwa msuweni wanga. Iye anadzigwira ndevu.

"Tinawauza kuti ayi," anapitiriza mdzukuluyo, "ameneyo ndi mwana wawo. Alongo anu ndi awo a imvi, a jekete, akuvinawo. Anakana. Mdala uja atalumbira m'pamene agogo anati tiimitse chithunzi. Anachiyang'ana nthawi yaitali akuchisisita ndi chala. Dikirani, ali pompano, akufuna alankhule okha."

Kunamveka phokoso la foni ikusintha manja, kenako kupuma kwa munthu wokalamba. Amayi anagwira pakamwa. Mawu anabwera ang'onoang'ono, onjenjemera, koma olamula ngati a munthu amene anakuberekapo kumsana.

"Iwe. Ndakuona. Unakalamba liti?"

Amalume anasendera pafupi ndi foni. Anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa, misozi ikutsikira m'ndevu, koma akumwetulira.

"Pang'onopang'ono, achemwali," anatero. "Inu kulibe."